Masamba Pamsewu wa Tanyard

Ntchito yanga pakhonsolo ndi yoyang'ana madenga, osati mitembo. Ndayambira pamenepa kuti pasapezeke wondinena kuti ndinalowerera za apolisi pofuna kutchuka. Ndine Peggy Kachingwe, ndatha zaka khumi ndi zinayi mu ofesi ya za nyumba, ndipo sabata ya namondwe ija ndinali ndi madenga osasuka ondikwanira mpaka Pasaka. Maliro sindinawafunefune ayi, anandipeza okha.

Namondweyo anaomba Lachisanu m'mawa, mu Febuluwale. Ife amene tinaonera pamafoni zimene namondwe Freddy anachita kwathu ku Malawi tinayamba ndi kuwaseka anzathu akuno pochita mantha ndi kamphepo. Pofika masana kuseka kunali kutatithera. Mitengo inagona m'misewu, sitima zinaima, ndipo mbali ina ya dera lathu la Edmonton, kuno ku London, inatha masiku atatu yopanda magetsi. Khonsolo inatsegula maholo atatu kuti amene madenga awo anauluka azigonamo.

Lolemba lake, m'kanyumba ka khonsolo pa Tanyard Close, munapezeka mtembo wa Bambo Weston Chiwaula. Anali nesi wopuma pantchito, wa zaka 76, wovutika ndi shuga ndi miyendo. Anali kwala m'khitchini, bala lili kunkhongo, nyumba ikuzizira ngati m'fuliji. Amene anawapeza ndi Harrison, mwana wa mlongo wawo.

Lachitatu m'mawa ndinapeza Esnat Likongwe atakhala pabenchi kunja kwa ofesi yathu. Esnat ndi mtsikana wa ku Balaka, timaimba naye kwaya kutchalitchi, ndipo anabwera kuno pa viza ya osamalira okalamba. Ndiye ankapita kwa Bambo Chiwaula tsiku lililonse kukawapatsa mankhwala ndi chakudya. Anali atavala yunifomu yake ya buluu ngakhale kuntchito anali atamuimitsa.

"Anti Peggy, akuti ndawapha ndine."

"Akutero ndani?"

"Onse. A ku agency, apolisi, a Harrison. Akuti ndinawasiya masiku awiri opanda chakudya, opanda mankhwala, mpaka anachita chizungulire n'kugwa. Mawa two koloko kuli meeting konkuno ku khonsolo. Akangoti ndi neglect, nkhani ipita kukhoti, ntchito yatha, viza yatha. Anti, mwana wanga ali Sitandade 3."

"Nanga unapitako kapena sunapiteko? Ine usandiphimbe m'maso."

"Lachisanu m'mawa ndinawasiya ali bwinobwino. Loweruka mabasi kunalibe, ndinayenda wapansi, ndinafika cha m'ma twelve. Nditsegule kabokosi ka kiyi ka pakhomo paja, mulibe kanthu. Ndagogoda, zii. Ndiye ndinaimbira a Harrison, poti ndiwo next of kin. Iwo akuti, 'Ankolo ndawatengera kwanga ku Romford, uko kulibe magetsi. Usavutike mpaka Monday.'"

"Unalemba penapake?"

"App yathu inali down. Ndinangokhulupirira, anti. Nanga m'bale wawo anganame?"

Harrison anauza apolisi zina. Anati Esnat anaimba foni ija kudzanena kuti sangathe kubwera. Anatinso Lamulungu madzulo analankhula ndi amalume akewo mphindi zisanu ndi imodzi, iwo akudandaula za njala ndi kuzizira, ndipo foni yake inaonetsadi kuti anaimba ndipo wina anayankha. Dokotala sanathe kutchula tsiku lenileni la imfa, chifukwa m'nyumba yozizira chotero thupi limachedwa kusintha.

"M'nyumbamo ankakhala okha?" ndinamufunsa.

"Okha," anayankha msangamsanga, maso ali pa nsapato zake.

Ndinamukumbutsa kuti ine ndine wa madenga. Iye anangoti, "Ndikudziwa, anti," n'kunyamuka. Akanandichonderera mwina ndikanalimba mtima, koma sanatero, ndipo zimenezo zinandipweteka.

*

Gulu lochotsa mitengo m'misewu lili ndi lamulo lakuti asanakhudze kanthu, ajambule kaye. Zithunzizo zimagwera kwa ine, chifukwa kuseri kwa mitengoyo kumaoneka madenga. Ndinali nditaona zambirimbiri, nthambi zokhazokha zakuda, zopanda tsamba ndi limodzi lomwe, poti mu Febuluwale mitengo yakuno imakhala ili mbulanda. Ndinalemba dzina la Tanyard Close pakompyuta, ndinene zoona, pongofuna kuti mtima undileke. Chithunzi chinatseguka. Chinali cha Loweruka, 7:38 m'mawa.

Pamsewu panali masamba obiriwira. Sanali omwazika ayi. Anali ondandalikidwa mzere umodzi, kuchokera tsidya lino la msewu kukafika tsidya linalo. Kutsogolo pang'ono panali mzere wina chimodzimodzi. Pakati pa mizere iwiriyo panali khomo limodzi lokha, nambala 9, kwa Bambo Chiwaula.

Aliyense wokulira kwathu amadziwa kuti ukapeza masamba otere pamsewu, wa njinga amatsika, wa galimoto amachepetsa liwiro n'kutsitsa wailesi, wa chipewa amavula. Mphepo siyala masamba chotero. Amayala ndi munthu, ndipo amawayala pakhomo pamene pagona mtembo. Chithunzichi chinadutsa m'maso mwa anthu anayi mu ofesi yathu, onsewo anangoona zinyalala za namondwe.

Ndiye kuti Loweruka m'mawa, Esnat asanafike n'komwe, panali munthu amene ankadziwa kale kuti Bambo Chiwaula atisiya. Nanga Harrison analankhula ndi ndani Lamulungu madzulo?

Ndinavala jekete, n'kuuza bwana kuti ndikukaona denga.

*

Trevor, kapitawo wa gulu la mitengo, ndinamupeza pafupi ndi msika akudyetsa nthambi m'makina ake ogaya. Ndi chimunthu chansangala, chofiira kumaso, cholankhula Chingerezi chothamanga ngati akupikisana ndi makinawo. Anawazimitsa, n'kuyang'ana chithunzicho pafoni yanga.

"Aa, aka! Ndikukakumbuka, Peg. Ndinawauza anyamata kuti taonani, dziko likutha koma ana a anthu akusewerabe. Mizere yowongoka bwino, mwina ndi chingwe anayezera."

"Zinali zothyoka ndi mphepo?"

"Zothyoka? Ayi ndithu. Zaka makumi atatu ndikudula mitengo ine. Zija anachita kucheka, ndi mpeni wobuntha, wodulira buledi kapena. Zinachokera pampanda wa munthu, wa timitengo tija tosayoyola masamba. Wina pamenepo akulira mpanda wake."

"Munaona munthu?"

"Panali wina atakhala pakhomo, pansi penipeni, kuzizira konse kuja. Titangokhota ndi lole, wadzuka, walowa, chitseko phwa! Kenako katani inagwedera. Ndinabayibitsa, sanabweze. Tinatola masambawo, n'kuponya m'makina, ulendo. Bwanji, talakwitsa kanthu?"

"Simunalakwe, Trevor."

Sanalakwedi. Komabe ndinachoka pamenepo mtima ukundiwawa.

*

Mpanda wometedwa sunavute kupeza. Unali wa pa nambala 11, ndipo mwini wake, Mayi Ivy, anali kale pawindo ndisanagogode. Ndi gogo wachizungu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, wowonda, wa maso akuthwa, amene mawu ake amatuluka owerengeka ngati machesi a m'nyumba ya munthu woumira.

"Ndinu a khonsolo? Mwachedwa. Mpandawu anadzala ndi mwamuna wanga."

"Anaudula ndani, mayi?"

"Wosamalira uja."

Mawu amenewo akanamveka pamsonkhano wa mawa, Esnat akanathera pomwepo.

"Wa yunifomu ya buluu?"

"Ayi, osati wamng'onoyo. Wamng'onoyo amapereka moni. Ndikunena winayo."

"Winayo uti?"

"Wachikulire. Wovala nsalu m'chiuno. Amayanika zovala kuseri anthu asanadzuke. Kumaso kuno satuluka. Zaka zitatu tsopano."

"Ndipo Loweruka anatuluka?"

"Kutangocha. Wopanda jekete, wopanda nsapato. Ndinagogoda pawindo, sanacheuke. Ankalira, koma mopanda mawu. Sindinaonepo munthu akulira chotero, ndiye mpandawo ndinangomusiyira."

"Nanga Lachisanu munamvako kanthu?"

"Galimoto yoyera ya mphwake ija. Cha m'ma 5 koloko. Kukalipirana m'chilankhulo chawo. Chinthu chinagwa. Kenako bata."

"Apolisi munawauza zimenezi?"

"Anandifunsa za Lamulungu. Lamulungu sindinaone munthu." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ine ndimayankha zimene ndafunsidwa."

Ndikutuluka pageti, ndinaona galimoto yoyera itaima pa nambala 9, buti ili yasaa.

*

Harrison anatuluka m'nyumbamo atanyamula matumba awiri akuda a zinyalala. Ndi mwamuna wa zaka za m'ma 35, wooneka bwino, wa jekete yodula ndi kandevu kosamalidwa. Kuofesi ndinali nditaona kale dzina lake. Lachiwiri, amalume ake atangotha tsiku limodzi kumochale, iye anatumiza fomu yopempha kuti nyumbayo ilembedwe m'dzina lake. Lamulo limalola zimenezo kwa m'bale amene wakhala m'nyumbamo chaka chathunthu.

Anayang'ana khadi la khonsolo pakhosi panga, n'kumwetulira.

"Kachingwe? Aa, ndinu akumudzi! Thank God. Sisi, mundithandizeko, application yanga isachedwe. It's been hell, honestly."

"Pepani ndi zovutazi, achimwene. Mumakhala mommuno?"

"On and off. Ku Romford ndi kwa girlfriend chabe. Ankolo ndimawasamala ndine, you can ask anyone."

"Munawaona liti komaliza?"

"Thursday. Friday misewu inali blocked, Saturday ndinali ku ntchito, Sunday ku church ku Greenwich tsiku lonse, ndimaimba keyboard. Anthu two hundred anandiona. Ndinawaimbira six koloko madzulo, akuti, 'Harry, mtsikana uja sanabwere, ndikuzizidwa.' Sisi, mawu amenewo sadzandichoka. Atsikana a ma agency awa amangofuna ma papers basi."

Lamulungu lake analitchinga bwino ngati khola la nkhuku, ine ndisanamufunse n'komwe. Thumba limodzi linali litang'ambika pakona, ndipo panatulukira kansonga ka chitenje cha Chigwirizano cha amayi.

"Amalume anu ankavala zitenje?"

"Za malemu aunt. Old stuff."

Apa ndi pamene ndinapusa, ndipo ndimadziimbabe mlandu. Mawu ake onena Esnat aja anandipsetsa mtima, ndiye ndinafuna kuona nkhope yake ikugwa. Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi chija.

Mzungu akanafunsa kuti n'chiyani chimenechi. Harrison sanafunse. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Chajambulidwa liti?"

"Loweruka m'mawa. Tsiku limodzi ndi theka musanalankhule ndi amalume anu."

"Ana osewera," anatero. Anaponya matumba m'buti, n'kutseka mwachifatse. Atatsegula chitseko cha galimoto anatembenuka, kumwetulira kuja kutabwerera. "By the way, sisi. Anthu amene alibe kolowera chifukwa cha storm, khonsolo ikuwasunga kuti?"

"Zili pa intaneti," ndinatero, nditazindikira kuti akufunafuna mayi wa chitenje uja.

"Zikomo kwambiri," anatero, n'kuliza galimoto.

*

Esnat anayankha foni isanalire kawiri.

"Iwe Esnat, mayi wovala chitenje amene amayanika zovala kuseri kwa Bambo Chiwaula ndi ndani?"

Sindinamupatse mpata wozemba.

"Ukufuna ukalowe m'ndende chifukwa cha chinsinsi cha eni ake?"

"Anti, ndinalonjeza." Anatsitsa mawu. "Anabwera pa visitor visa kudzadwazika achimwene awo, miyezi six inatha kalekale. Akangodziwika awakweza ndege. Chingerezi sadziwa, basi sanakwerepo. Amandisungira tiyi tsiku lililonse, anti, amanditchula kuti mwana wawo. Ndinkaganiza kuti a Harrison anawatengera limodzi ku Romford. Ndikawatchula ndiye kuti ndawapereka."

"Dzina lawo?"

"Mayi Etta."

"Harrison sali nawo. Nayenso akuwafunafuna, ndipo sakuwafunira zabwino."

"Sizingatheke, anti," anatero Esnat. "Amene aja ndi mayi ake omubereka."

*

Maholo anali atatu, ndipo Harrison anali pagalimoto pamene ine ndinali wapansi. Koma iye ankafunika kulowa m'holo iliyonse n'kuyang'ana nkhope imodziimodzi. Ine ndinali ndi manambala a foni, ndipo ndinkadziwa chofunsa. Munthu amene anayala masamba pamsewu wa ku London sangagone pabedi mlongo wake asanaikidwe.

Holo yoyamba anandiseka. Yachiwiri sanamve funso, mpaka ndinabwereza katatu. Yachitatu inali holo ya zamasewera, ndipo anayankha ndi Angel, mtsikana wa ku ofesi ya za misonkho amene namondwe anamusandutsa woyang'anira mabulangete.

"Angel, muli ndi mayi amene akukana bedi?"

"Peggy, wadziwa bwanji? Anabwera Loweruka, anangotsatira anthu ena. Dzina sanena, chilankhulo chake sitikuchidziwa. Tamupatsa bedi katatu, iye akuyala pansi pakona. Kusamba akukana, kudya n'kongolawa. Talemba kuti mwina mutu sukuyenda bwino. Mawa masana tikutseka holoyi, ndipo aliyense ayenera kuonetsa mapepala kuti timupezere pokhala. Sindikudziwa kuti titani naye."

"Aliyense akabwera kudzamutenga, umuchedwetse. Ndikubwera."

Ndinathamanga, ine amene sindinathamangepo chichokereni ku sekondale.

M'holomo munkanunkha supu wa m'zitini ndi masokosi onyowa. Timabedi topinda tinali m'mizere pansi pa zigoli za mpira wa manja, ana akuthamangitsana pakati pake. Pafupi ndi khomo panali tebulo la Angel, ndipo pambali pake panakhala wapolisi wamkazi amene anamutumiza kudzasungitsa bata, akumwa tiyi. Pakona yakutali, kuseri kwa bedi losagonedwapo, panali mayi wachikulire atakhala pansi, miyendo atatambasula, mpango uli kumutu, manja ali pamiyendo.

Ndinavula nsapato, n'kukhala pansi pambali pawo. Sindinalankhule msanga, poti pamaliro sulowa ndi mawu.

"Pepani, mayi," ndinatero kenako. "Taona masamba."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Misozi sinatuluke.

"Mwaona?" anatero. "Ndiye alipo anaona?"

"Ndaona mochedwa, mayi. Ndine Peggy, kwathu ndi ku Dedza."

"Ine ndinati mwina padutsa wakwathu. Ndinati dziko lonse lino, anthu onsewa, sipangalephere mmodzi wodziwa. Akaona adzagogoda, ndiye adzadziwa chochita, poti ine manambala akuno sindiwadziwa. Ndinakhala pakhomo kudikira. M'malo mwake kunabwera chilole ndi azibambo a zovala zowala. Ndinati basi, aboma andipeza. Ndinasuzumira pawindo, ndikuona akutola masamba aja n'kumaponya m'chigayo." Anapukusa mutu. "Achimwene anga agona ngati galu, mwanawe. Popanda nyimbo, popanda moto panja, popanda munthu."

"Chinachitika n'chiyani Lachisanu?"

"Harrison anabwera ndi pepala. Akuti aboma ayendera nyumba zonse chifukwa cha mphepoyi, ndiye amalume asaine kuti iye amakhala momwemo. Achimwene anakana. Akuti, 'Ndinakuitanitsa kuno, ndinakuphunzitsa, koma bodza sindikusainira.' Iye akuti, 'Bodza lanji limene simulidziwa inu, amene mukubisa munthu m'nyumba?' Achimwene anadzuka ndi ndodo yawo kuti amutulutse. Iye anangowakankha. Kamodzi kokha. Mutu unakamenya pachitofu."

"Sanaitane ambulansi?"

"Anawagwira pakhosi, n'kuti atha. Akuti, 'Amayi, mukangoitana munthu, akumangani inu, anena kuti mwawapha ndinu. Khalani phee, ndikonza.' Anatenga kiyi wa m'kabokosi, napita. Ine ndinawatseka maso achimwene, ndinakhala nawo mpaka kunacha. Chilole chitapita ndinaopa kukhalamo, ndiye ndinatsata anthu onyamula mabulangete."

"Nanga foni ya Lamulungu?"

Anapisa m'chitenje n'kutulutsa kafoni kakale ka mabatani.

"Ndi ya achimwene. Ndinayankha ndine. Ankafunsa kuti muli kuti, muli kuti. Ndinati ndili kwa anthu. Sindinamuuze." Anaibwezera m'chitenje. "Ndinachita mantha ndi mwana wanga yemwe."

Tsopano inafika mbali imene ndinkaiopa. Ndikanatha kungowapepesa, n'kuwapezera pobisala kwa amayi a kutchalitchi, n'kubwerera ku madenga anga. Koma nkhope ya Esnat pabenchi paja inali isanandichoke.

"Mayi, mlanduwu augwetsera Esnat."

"Esnat uti? Wanga?"

"Yemweyo. Harrison wauza apolisi kuti achimwene anu anali moyo mpaka Lamulungu, ndipo anafa chifukwa Esnat anawasiya ndi njala. Mawa amuweruza. Akhoza kumangidwa, ndipo kuno amuchotsa. Akudziwa kuti inu munali m'nyumbamo, koma sanakutchuleni kwa munthu aliyense."

"Sananditchule?"

"Ngakhale kwa ine anakana."

"Nanga ndikalankhula?"

"Sindikunamizani, mayi. Mukalankhula, Esnat apulumuka. Koma adziwa kuti mulibe mapepala, ndipo mwina akubwezani kumudzi. Harrison ndiye amutenga."

Anatseka maso. Ana aja anatidutsa akuthamangitsa mpira, mmodzi n'kupunthwa pamwendo wanga.

"Ndi mmodzi yekhayo," anatero motsitsa. "Ena onse ndinaika."

Ndinakweza maso, ndipo ndinaona mwini jekete yodula ija ataima patebulo la Angel.

*

Harrison ankalankhula Chingerezi chake chosalala, chiphaso chili m'manja, nkhope yodzaza nkhawa. Ndinkamva zidutswa chabe: mayi ake, matenda oiwala, asowa kuyambira Loweruka, wazungulira paliponse. Angel anayang'ana kwa ine mothedwa nzeru. Anali atayesa kumuchedwetsa, koma ungamukanize bwanji munthu mayi ake? Wapolisi uja anaika kapu pansi n'kumuperekeza, naye akumwetulira poona banja likupezana.

Atandiona, Harrison sanadabwe. Anagwada pamaso pa mayi ake mwaulemu wonse, n'kuwagwira dzanja. Anasiya Chingerezi, n'kulankhula motsitsa, mawu ofewa ngati akunyengerera mwana kumwa mankhwala.

"Amayi, mwandivutitsa bwanji. Dzukani tizipita. Musalankhule kanthu pano, awa ndi apolisi. Zonse ndakonza."

"Wakonza bwanji?"

"Tikakambirana m'galimoto."

"Ndati wakonza bwanji? Za Esnat ndi zoona?"

Harrison anandiponyera diso, kenako anabwerera kwa mayi ake.

"Amayi, kamtsikana kaja sadzakachita kanthu. Akangokakweza ndege basi, kakapeza ntchito ina kumudzi. Si m'bale wathu. Inu ganizani za ine."

Mayi Etta anachotsa dzanja lawo m'dzanja lake. Anaika manja onse awiri kumutu. Ndiye kulira kumene anakumeza masiku asanu kunatuluka, kulira kwa pamaliro kwenikweni, kokoka, kochokera m'mimba. M'holo monse munangoti zii. Ana anaima, mpira n'kumagubuduka wokha.

"Mayo ine, achimwene anga! Weston, mlongo wanga, wandisiyira yani kudziko la eni? Munamulera ndinu, munamuphunzitsa ndinu, lero wakukankhirani pachitofu! Harrison, mwana wanga, wandiphera mlongo wanga chifukwa cha nyumba! Lachisanu lija, mayo, Lachisanu lija!"

"She's confused," anatero Harrison, akuyesa kuwadzutsa. "Amachita chonchi. Amayi, tiyeni!"

Koma wapolisi uja sankamwetuliranso. Chichewa sankachimva, koma dzina analimva, ndipo anaona mmene mayiwo ankakanira dzanja la mwana wawo. Anaima pakati pa awiriwo, n'kutembenukira kwa ine.

"Inu mukumva chilankhulochi? Akuti chiyani?"

M'holo monse, mwa anthu oposa zana, amene tinamva mawu aja tinali atatu. Ndikanati akulira mlongo wawo, sindikananama, ndipo mayiwo akanatuluka ndi mwana wawo, Esnat n'kukagwa yekha mawa. Ndikanamasulira zonse, ndiye kuti ndawalanda mwana ndi pokhala pomwe, mayi amene ndangowadziwa kumene. Ndinachita mantha, ndipo ndinadana nayo ntchito imene inandigwera.

"Amayi," anatero Harrison. Chingerezi chonse chinali chitamuthera. "Amayi, ndine."

Mayi Etta analeka kulira. Anapukuta kumaso ndi nsonga ya mpango.

"Ndikudziwa kuti ndiwe," anatero osamuyang'ana. "Ndinakubereka ndine. Nanga mwana wa eni akeyo alibe amake?"

Anagwira phewa langa n'kudzuka movutikira, mawondo akulira. Anakonza chitenje chawo, n'kuima moyang'anizana ndi wapolisiyo.

"Uwauze, mwanawe. Usasiyeko kanthu, ngakhale za mapepala anga. Koma uwapemphe chinthu chimodzi, kuti asanandikweze ndege andilole ndiike mlongo wanga."

Wapolisi anatulutsa kabuku kake. Ine ndinayamba ndi dzina lawo.